Andiitana ku fiesta ya kumudzi ku Bohol, koma mnzanga akudzipha ndi ntchito chifukwa cha phwandoli

Namwino_Leeds:
Moni nonse abale. Pali nkhani yomwe yandisowetsa mtendere, ndiye ndati ndifunse kuno poti ena mwa inu munakhalako ku Philippines. Ndimagwira ntchito muwodi imodzi ndi mayi wina wa ku Bohol, chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Ndi munthu amene anandigwira dzanja nditangofika, ndisanadziwe n'komwe pokwerera basi. Wandiitana kuti ndipite naye kwawo mu Meyi ku fiesta ya m'mudzi mwawo, tsiku la woyera wawo San Isidro pa 15. Ya tikiti ndasunga, tchuthi andilola kale.

Chikundivuta ndi ichi. Chiyambire Okutobala mnzangayu sakupuma. Akaweruka shifiti ya usiku amagona maola anayi n'kubwereranso. Loweruka ndi Lamlungu lomwe ali pantchito. Waonda, maso alowa m'kati. Nditamufunsa anati chaka chino iye ndiye hermana mayor, mayi wotsogolera ndi kulipirira za fiestayo, ndiye pakufunika ndalama ya nkhumba zitatu, bandi, maluwa a m'tchalitchi ndi chovala chatsopano cha chifanizo cha woyerayo. Ine zinandiwawa. Munthu adziphe miyezi isanu ndi iwiri chifukwa cha chakudya cha masiku awiri? Nanga ine ndikapita, sindikukaonjezera katundu pa mtolo womwe wamulemera kale? Ndiuzeni zoona. Fiesta ndi chiyani kwenikweni, ndipo mlendo amayenera kutani?

Nabanda_wa_Mchinji:
Pitani achemwali. Munthu wakuitanani kwawo, pakhomo pa makolo ake. Mukakana zimupweteka kuposa mashifitiwo.

Mpunga_Kilombero:
A Namwino, ine ndinakhala zaka zitatu ku Los Baños ndikuchita maphunziro a ulimi wa mpunga, pafupi ndi IRRI, bungwe lofufuza za mpunga. Ku Bohol sindinafike, koma San Isidro yemweyo ndinamuona ku Lucban m'chigawo cha Quezon, m'tsinde mwa phiri la Banahaw. Kumeneko amati Pahiyas, tsiku lake ndi lomwelo la 15 Meyi.

Tinanyamuka kusanache chifukwa dzuwa likakwera galimoto sizilowanso m'tauni. Titatsika n'kulowa mumsewu woyamba ndinangoima kukamwa kuli yasa. Nyumba zonse m'mbali mwa msewu zinali zitakutidwa ndi zokolola kuyambira pansi mpaka kudenga: ngala za mpunga zomangamanga mitolo, mabiringanya, tomato, tsabola, mphonda, nyemba zazitali zija zitalendewera ngati makatani, makokonati, zinanazi. Pakati pa zonsezi pali chinthu amachitcha kiping. Amasakaniza ufa wa mpunga ndi madzi, n'kuthira mtundu, wofiira, wachikasu, wobiriwira, kenako n'kupaka phalalo pa tsamba la mtengo, kuliphika ndi nthunzi, kuliyanika, n'kulimatula. Chimatuluka chopyapyala chooneka ngati tsamba lenileni, mitsempha yake yomwe ikuoneka. Amazilumikiza mazanamazana n'kupanga zolendewera zazikulu zotsika kuchokera pa zenera la m'mwamba. Dzuwa likawomba zimawala ngati magalasi a m'tchalitchi. Ndipo zimadyedwa, amaziwotcha pamakala kapena kuzikazinga n'kuwaza shuga.

Gogo wina amene tinakhala pakhonde pake anatifotokozera kuti kale alimi ankanyamula zokolola kupita nazo kutchalitchi kuti wansembe azidalitse. Zitachuluka mpaka malo kuchepa, anagwirizana kuti aliyense aziika zake pakhomo, wansembe azidalitsa podutsa ndi mdipiti. Njira ya mdipitiyo imasintha chaka ndi chaka kuti misewu ina nayo ilandireko. Ndiye banja limadziwiratu kuti chaka chino ndi chathu, n'kuyamba kupanga kiping kudakali milungu.

Chimene chinandikhudza ine monga mlimi n'chakuti zomwe anakongoletsera nyumba sizinali zogula ku China ayi, unali mpunga womwe munthuyo anawerama yekha kuwoka. Iwe ukamadutsa iye ali pazenera kukuyang'ana nkhope kuti aone ngati waona.

Namwino_Leeds:
Zikomo a Mpunga. Nanga zodya munkagula, kapena munali ndi wokulandirani?

Mpunga_Kilombero:
Ku Lucban alendo amachuluka zedi, ena ochokera ku Manila ndi kunja, ndiye zogula zilipo. Pancit habhab, manudozi a kumeneko, amakupatsa pa kachidutswa ka tsamba la nthochi, amathira viniga, umadya ndi pakamwa penipeni wopanda foloko. Palinso timasoseji tawo ta adyo wambiri, longganisa. Koma fiesta ya m'kamudzi, ngati komwe mukupitako, ndi ina. Ndinapitako ku ina m'dera la Laguna ndi mnzanga wa m'kalasi. Kumeneko sugula kanthu. Makomo onse ndi otsegula. Ukungodutsa wina amakukodola, "kain tayo", kutanthauza kuti tidye, osafunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Tinadya m'nyumba zisanu tsiku limodzi. Langizo langa ndi lakuti nyumba yoyamba musakhutiretu. Tapani pang'ono paliponse, chifukwa kukana kulawa m'nyumba yachinayi mwini wake amaona ngati mwanyoza.

Chisale_Wowerengera:
Zokongola tamva, koma funso la mayiwa simunayankhe. Ndalama zake zimachokera kuti? Ine ndinagwirapo ntchito ndi anyamata a ku Philippines pa kampani ina ya zomangamanga ku Qatar. Mmodzi ankatumiza pafupifupi malipiro onse a Epulo kwawo chifukwa cha fiesta, iye n'kumadya mpunga ndi kachitini ka nsomba mwezi wonse. Kwawoko kuli katapila amamutcha 5-6, ukabwereka 5 umabweza 6. Ena amakapinyolitsa ndolo ndi mphete. Juni akafika sukulu zikutsegulira, ya yunifolomu palibe. Chimenechi si chikhalidwe choti tiziombera m'manja. Ndi umphawi wovala zokongola.

Nabanda_wa_Mchinji:
A Chisale, inu ukwati wanu munadyetsa anthu angati? Nanga chiliza cha bambo anu munachita ndi ndalama ya m'thumba?

Chisale_Wowerengera:
Ukwati ndi kamodzi pa moyo, mayi. Ichi n'cha chaka chilichonse. Ndipo za ziliza zomwezo inenso ndimatsutsa, ndinakangana nawo abale anga pa nkhani imeneyi.

Kale_Seminale:
Ndiloleni ndiikepo mawu, ndinakhala ku Philippines zaka zinayi pamene ndinali m'chipani china cha ansembe, ndisanasankhe njira ya banja. Patchuthi ankatitumiza kumaparishi akumidzi.

Kuti timvetse fiesta tiyenera kubwerera kwa Asipanishi. Legazpi anafika ku Cebu mu 1565 ndipo ulamuliro wawo unatha mu 1898. Atafika anapeza anthu akukhala motalikirana, ena m'mbali mwa mitsinje, ena kuminda, ena m'mapiri. Ansembe anali ochepa. Ndiye anakonza zosonkhanitsa anthu m'matauni omangidwa mozungulira tchalitchi ndi bwalo, kuti aliyense azikhala pomwe angamve belu. Ambiri sanafune kusiya minda yawo. Chimene chinkawakoka kubwera kutauni chinali tsiku la nkhoswe ya parishi: mdipiti, nyimbo, masewero, makombola, chakudya. Tauni iliyonse inapatsidwa woyera wake, kenako midzi ing'onoing'ono nayo inamanga timatchalitchi tawo ndi nkhoswe zawo. Lero dzikolo lili ndi ma barangay, kapena kuti midzi, oposa 42,000, ndipo pafupifupi anthu 8 mwa 10 aliwonse ndi Akatolika. Werengani nokha kuchuluka kwa ma fiesta.

Koma tisaganize kuti anthu anangolandira za azungu. Asanabwere Asipanishi iwo ankachita kale madyerero othokoza mizimu pa zokolola, kupha nkhumba ndi kumwera limodzi. Zija zinalowa m'kati mwa izi. N'chifukwa chake San Isidro anakondedwa chotere. Anali mlimi waganyu wa ku Madrid, wolima munda wa bwana, ndipo nkhani yake imati angelo ankamulimira iye ali m'pemphero. Anamulengeza woyera mu 1622. Mlimi wosauka wa mpunga amadziona yekha mwa munthu ameneyu.

Tsono za hermana mayor. A Namwino, udindo umenewu nthawi zambiri munthu samukakamiza. Ena amadikira zaka kuti dzina lawo lifike. Ambiri amaupempha okha chifukwa cha lonjezo lomwe anachita kwa Mulungu, pa Chitagalog amati panata, ku Bohol amati panaad. Mwana anadwala n'kuchira, bambo anapulumuka panyanja, munthu anakhoza mayeso a unamwino. Hermana ndiye amayang'anira novena ya masiku 9, kukongoletsa guwa ndi ngolo yonyamulira chifanizo, kudyetsa oimba ndi a bandi. Musanamuweruze mnzanuyo, mufunseni kuti analonjeza chiyani.

Chisale_Wowerengera:
Mulungu amafuna nkhumba zitatu?

Kale_Seminale:
Safuna, ndipo ansembe ambiri kumeneko amalalikira zomwezo chaka chilichonse, kuti musalowe m'ngongole chifukwa cha phwando. Ine ndinamva bambo mfumu wina akunena zimenezi paguwa tsiku lenileni la fiesta, anthu n'kugwedeza mitu kuvomera, potuluka n'kupita kukadula nkhumba. Mkanganowu ndi wakale pakati pa eni ake. José Rizal, ngwazi ya dziko lawo, analemba kale za kumwaza chuma pa fiesta m'buku lake la 1887 lotchedwa Noli Me Tangere, ndipo m'zaka za m'ma 1960 senator Raul Manglapus analimbana nazo kwambiri kuti ndalamazo zizipita ku chitukuko. Sizinatheke. Ndiye maganizo anuwo a Chisale si achilendo kwa iwo.

MwanaWaSabata:
Ine vuto langa linali lina. Ndinaphunzira ku AIIAS, sukulu ya ukachenjede ya mpingo wa Adventist, ku Silang m'chigawo cha Cavite, komwe a Malawi a mpingo wathu timapitako ndithu. Fiesta ya Silang ndi ya Candelaria, kumayambiriro kwa Febuluwale. Mayi amene ankatigulitsa zinanazi ndi masamba anatiitana ine ndi akazi anga. Tinasinkhasinkha sabata yonse. Za zifanizo sitichita nawo, nkhumba sitidya. Koma mayiyu ankatikongoza masamba ndalama zikachedwa kuchokera kumudzi, tikanamukana bwanji?

Tinamuuza poyera kuti kumdipiti sitipita koma kunyumba tibwera, ndipo nkhumba ndi nkhanu sitidya. Titafika tinapeza watikonzera patebulo pathupathu: nkhuku, nsomba yowotcha ya bangus, ndiwo zamasamba zophikira mkaka wa kokonati. Anagula ngakhale poto watsopano kuti tisakayike zoti munaphikidwapo nkhumba. Akazi anga anagwetsa misozi. Ndiye ngati pali china chomwe simudya, a Namwino, neneranitu kudakali nthawi. Sadabwa nazo, chifukwa a Iglesia ni Cristo ali pakati pawo ndipo sadya chakudya chophikidwa ndi magazi. Chimawapweteka n'chakuti ufike, ukhale, mbale ili mbee osanena chifukwa.

Kapado_Mbayani:
Chophikidwa ndi magazi? Ndiye kuti uwende ulinso kumeneko?

Mpunga_Kilombero:
Ulipo, amati dinuguan. Magazi a nkhumba, zam'kati, viniga, adyo ndi tsabola. Ndi wamadzimadzi kusiyana ndi uwende wathu, ndipo amadyera timikate ta mpunga totchedwa puto. Pa nkhumba ya fiesta palibe chotayidwa.

Kapado_Mbayani:
Nanga chigodola sichinawafike? Ine chinandipululira khola lonse, nkhumba 14 m'sabata ziwiri. Mpaka lero ndikamva fungo la mankhwala opopera m'khola mtima umandiwawa.

Mpunga_Kilombero:
Pepani achimwene. Chinawafika mu 2019, chinayambira ku Luzon n'kufalikira. Zigawo zina zinaletsa kulowetsa nyama ya nkhumba kuchokera kwina, ndipo mitengo inakwera. Chaka chotsatira kunabwera Covid, ma fiesta anaimitsidwa, Misa n'kumaonera pa Facebook, chifanizo n'kumachiyendetsa pa galimoto anthu ali m'makomo mwawo.

Kapado_Mbayani:
Ine ndinayambiranso ndi ziwiri, koma tsopano palibe mlendo amalowa m'khola, ngakhale wogula. Amaima kumpanda.

Nabanda_wa_Mchinji:
Abambo inu, za makola mukatsegule nkhani yake. Mayiwa akudikira yankho.

Mkamwini_wa_Samar:
Ndakhala ndikuwerenga chete, tsopano ndilankhule, chifukwa ine fiesta ndimaionera kuseri kwa nyumba. Akazi anga ndi a ku Samar, tinakumana ku Dublin, ndipo ndapitako kwawo katatu nthawi ya fiesta. Ulendo woyamba ndinali mlendo, anandikhazika pampando wabwino pafupi ndi fani. Wachiwiri apongozi anaona kuti ndazolowera, anandipatsa mpeni.

A Chisale akunena zoona pa theka la nkhaniyi. Amene amasenza fiesta ndi amayi ndi ana omwe ali kunja. Tsiku loti mawa ndi fiesta amalitcha bisperas, ndipo usiku umenewo kuseri kulibe wogona. Nkhumba imaphedwa cha m'ma 2 koloko usiku. Azibambo amaiwaula ndi madzi otentha, kuichotsa zam'kati, kuithira mchere, adyo, anyezi ndi udzu wa mandimu m'mimba, kuisoka, n'kuibaya ndi nsungwi yaitali. Kenako n'kuitembenuza pamakala a zikamba za kokonati maola anayi kapena asanu osalekeza. Ndinatembenuzako ine. Pakutha pa ola limodzi mapewa anali ataphwanyika, nkhope ikuyaka, tsitsi lonse fungo la utsi. Chikopa chikafiira n'kumalira ukachigogoda ndi chala, ndiye kuti lechon yapsa.

Pamenepo n'kuti amayi ali pa mafuwa awo. Apongozi anga, azichemwali awo atatu ndi anansi, atazungulira mabeseni. Wina akusenda adyo wodzaza ndowa, wina akupala kokonati, wina akukulunga mpunga womata m'masamba a nthochi. Cha m'ma 4 koloko bandi ya malipenga imayamba kuzungulira mudzi kudzutsa anthu, amati diana. Amayiwo amangosamba kumaso, kupita ku Misa, pobwera alendo ayamba kale kufika. Kuyambira pamenepo mpaka usiku ndi kutsuka mbale, kupakula, kutsukanso. Ndinaona apongozi anga akudya nkhomaliro 5 koloko madzulo, ataimirira, zotsala za m'mphika. Mapazi atatupa osalowa m'patapata.

Za ngongole nazo n'zoona. Mlamu wanga wina anapinyolitsa njinga yamoto yomwe ankanyamulira anthu, kuti asachite manyazi pamaso pa akuchikazi. Anaiombola patatha miyezi isanu, ndipo anaiombola ndi ndalama yathu. Tinakangana m'nyumba mwathu chifukwa cha zimenezo.

Koma theka linalo a Chisale simunalione. Mabanja ambiri sagula nkhumba ya fiesta. Amagula kamwana ka nkhumba miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu fiesta isanafike, n'kumakadyetsa gaga wa mpunga ndi zotsala. Imeneyo ndiyo banki yawo. Ndiponso mudzi woyandikana nawo fiesta yawo imakhala mwezi wina. Amene mwawadyetsa lero mudzakadya kwawo. Pochoka aliyense amapatsidwa kaphukusi, ndiye nyama ija imafika m'nyumba zomwe chaka chonse sizilawa nyama. Ndinaona agogo ena osaona akutsogozedwa ndi kamdzukulu khomo ndi khomo, ndipo paliponse ankawakhazika patebulo lomwelo lomwe panakhala kapitawo wa barangay.

Usiku kubwalo la basketball kumakhala kuratsa. Mwamuna ndi mkazi amavina ngati tambala akuzungulira thadzi, anthu n'kumaponya ndalama m'mwamba ndi pa nsalu yoyalidwa pansi. Ine nditaona ndinati uyu ndi perekaniperekani weniweni. Ndalama ya usiku umenewo ndi yomwe inafolera denga la katchalitchi kawo lomwe linasasuka ndi namondwe wa Yolanda mu 2013.

Chisale_Wowerengera:
A Mkamwini, mwalankhula mwachilungamo, ndalemekeza. Koma taonani, mwavomera nokha kuti njinga munaombola ndinu. Ndiye kuti ulemu analandira ndi mlamu wanu, ngongole munalipira ndinu. Mnzawo wa a Namwino ali pomwepo. Kumudzi adzamuimbira m'manja tsiku limodzi, msana wake udzamupweteka zaka.

Mkamwini_wa_Samar:
Pamenepo sindikutsutsani. Chaka chotsatira tinakhala pansi ndi abale onse pa foni, tinagwirizana kuti nkhumba ndi imodzi, aliyense asonkhe, ndipo palibe wopinyolitsa kanthu. Apongozi anakhumudwa masiku angapo koma anavomera. Chimene sindingachite ndi kuwauza kuti atseke chitseko tsiku la fiesta. Akazi anga anachoka kwawo ali ndi zaka 24. Ana athu anabadwira ku Ireland. Sabata imeneyo ndi yokhayo yomwe abale onse, a ku Manila, a ku Dubai, a pa sitima zapamadzi, amagona denga limodzi.

Mbumba_ya_Dedza:
Ine ndinaona zithunzi za anthu a ku Philippines atadzipaka matope thupi lonse, atavala masamba ouma a nthochi, nkhope zosaoneka. Ndinadzidzimuka, ndimayesa ndi zilombo za kwathu. Imeneyonso ndi fiesta?

Kale_Seminale:
Imeneyo ndi ya m'mudzi wa Bibiclat ku Aliaga, chigawo cha Nueva Ecija, pa 24 Juni, tsiku la Yohane Mbatizi. Amawatcha taong putik, anthu amatope. Amadzuka kusanache kupita m'minda ya mpunga kukadzipaka matope, kuvala masamba ouma ndi ziyangoyango, kenako amayenda khomo ndi khomo kupempha makandulo kapena ndalama yogulira makandulo, n'kukayatsa kutchalitchi. Akuluakulu a kumeneko amasimba kuti nthawi ya nkhondo asilikali a ku Japan anafuna kupha amuna a m'mudzimo, kunagwa chimvula, asilikaliwo anawasiya, ndipo anthu anagubuduzika m'matope pothokoza. Tsiku lomwelo ku Balayan m'chigawo cha Batangas amayenda ndi nkhumba zowotcha mumsewu uku akuthirana madzi.

Mbumba_ya_Dedza:
Ndiye ndi gule wawo basi.

GuleSiMasewera:
Ayi mayi, musasakanize. Kungoti munthu wavala masamba sindiye kuti ndi gule. Awo aliyense akudziwa kuti uyu ndi uje, akatha amakasamba n'kukalowa m'tchalitchi. Kulibe dambwe, kulibe kumeta. Zathu zili ndi mwambo wake, tisamazitchule paliponse.

Mbumba_ya_Dedza:
Ndamva bambo, ndinangonena za maonekedwe.

Mpunga_Kilombero:
Pa za San Isidro pomwepo ndinaiwala za ku Pulilan ku Bulacan. Pa 14 Meyi alimi amasambitsa njati zawo zoweta, zomwe amalimira zija amati kalabaw, kuzipaka mafuta, kuziveka maluwa, n'kudutsa nazo pa tchalitchi. Zikafika pakhomo zimagwada ndi miyendo yakutsogolo. Amaziphunzitsa. Chinyama chomwe chakoka khasu m'matope chaka chonse tsiku limenelo chimalandira ulemu wake.

Mayi_Awiri:
Ine langa ndi chenjezo chabe, poti mukupita kudziko la zilumba. Ngati kuli mdipiti wa pamadzi musakwere bwato lomwe ladzaza. Mu Julayi 1993 ku Bocaue chombo chokongoletsedwa cha fiesta chinamira mumtsinje chifukwa chodzaza kwambiri, ndipo anthu oposa 200 anafa, ambiri ana ndi amayi. Komanso Meyi ndi mwezi wotentha koopsa kumeneko. Madzi akumwa asakuchokeni m'manja.

Mkamwini_wa_Samar:
Zoona zimenezo. Ndiwonjezere za ulendo. Ku Bohol mwezi wa Meyi ndi wa ma fiesta okhaokha, kuyambira ya ku Tagbilaran pa 1 Meyi, ndipo amati palibe tsiku lomwe kulibe mudzi womwe ukuchita phwando. Anthu a kumeneko amabwerera kwawo mwaunyinji, ndiye malo m'ndege ndi m'sitima amatha msanga. Kuchokera ku Cebu sitima yothamanga imatenga pafupifupi maola awiri kukafika ku Tagbilaran, apo ayi mutha kutera pa bwalo la ndege la Panglao. Chilankhulo chawo ndi Chibisaya, osati Chitagalog. Akati "mangaon ta" akuti tidye. Mukakhuta muziti "busog na ko, salamat". Kwa okalamba tengani dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi panu, mudzaona momwe adzakondwere.

Za mowa, azibambo amakhala bwalo n'kumamwa tuba, uchema wa kokonati, kapu imodzi ikuzungulira ngati chipanda. Mkazi mlendo samukakamiza. Kudzakhalanso kumenyanitsa atambala kwa juga, kumeneko ine sindipita, ndalama zambiri za mabanja zimathera komweko kuposa kukhitchini. Ndipo videoke idzalira mpaka mbandakucha. Adzakupatsani maikolofoni, musakane, konzekeranitu nyimbo imodzi.

Namwino_Leeds:
Abale, ndathokoza nonse, ndi a Chisale omwe, chifukwa mwanena zomwe zinali mumtima mwanga. Ndinatsatira malangizo a a Kale_Seminale. Usiku wathawu tinali limodzi pa shifiti, cha m'ma 3 koloko odwala atagona ndinamufunsa kuti analonjeza chiyani.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anandiuza za chivomezi cha pa 15 Okutobala 2013 chomwe chinagwetsa matchalitchi akale a ku Loon ndi Maribojoc. Iye n'kuti ali ku Saudi. Khoma la nyumba yawo linagwera mayi ake, ndipo kwa masiku awiri foni sizinkagwira, samadziwa ngati ali moyo. Anagwada m'bafa ya kuchipatala komwe ankagwira ntchito n'kulonjeza kuti mayi ake akapezeka amoyo, tsiku lina adzakhala hermana ndipo adzadyetsa aliyense amene anafukula nawo. Anansi ndi omwe anawafukula ndi manja. Dzina lake lakhala pamndandanda zaka zonsezi. Mayi akewo tsopano ali ndi zaka 81 ndipo akufooka. Anati, ndikufuna aone ndi maso awo.

Sindinathe kuyankha. Koma ndinamuuzabe kuti thupi lake likundidetsa nkhawa, ndipo tagwirizana kuti mwezi uno asiye mashifiti awiri owonjezera. Ine ndamuuza kuti ya bandi ndilipira ndine. Anakana katatu, kachinayi analira n'kuvomera.

Chisale_Wowerengera:
Nkhani ya mayi akewo yandigwira mtima. Maganizo anga pa za ngongole sanasinthe, koma uyu sakuchitira kudzionetsa. Chonde muonetsetse kuti mashifiti awiriwo wawasiyadi.

MwanaWaSabata:
Mutengereni mayi wokalambayo chitenje. Ife tinapatsa mayi wa zinanazi uja chimodzi, anachiyala patebulo la alendo chaka chotsatira.

Nabanda_wa_Mchinji:
Ndi tiyi wa ku Thyolo ngati muli naye. Mukabwerako mudzatiuze.

Namwino_Leeds:
Ndabwerako abale, ndafika Lachiwiri. Ndilembe pang'ono thupi likadali lotopa.

Mudziwo uli kumtunda, msewu wake wa simenti wopapatiza, timbendera tamitundumitundu titamangidwa kuchokera pa mtengo wa kokonati kufika pa unzake mpaka kukatchalitchi. Ndinafika novena ili pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Madzulo aliwonse amayi ankasonkhana kupemphera, akatha mnzanga ankagawa sikwate, chokoleti chawo chakumwa chowawirira, ndi timakeke totchedwa torta tomwe amafufumitsa ndi tuba.

A Mkamwini, ndinakumbukira mawu anu. Usiku wa bisperas ndinakana kukagona. Poyamba ankandibweza, amvekere mlendo sagwira ntchito. Ndinangotenga mpeni n'kukhala pansi pafupi ndi beseni la anyezi. Patapita kanthawi mayi wina anandisunthira kampando, wina anandionetsa kadulidwe ka nyama ya humba, yomwe amaiphika ndi viniga, soya ndi shuga mpaka mafuta kusungunuka. Sitinkamvana chilankhulo koma pofika m'bandakucha ankandiitana kuti Inday ngati mwana wa pakhomopo. Bandi ija inafika kudakali mdima, anyamata 12 ndi malipenga opindikapindika, n'kuima pakhomo penipeni.

A Chisale, zanu nazo ndinaziona. Nyumba ina yoyandikana nafe inali yotseka mazenera tsiku lonse. Ndinafunsa, anandiuza kuti eni ake anapita kwa abale kutauni chifukwa chaka chino analibe chophika, ndipo manyazi sakanawalola kukhala. Mnzanga anawasungira mwendo wa lechon ndi poto wa humba, n'kukawapatsa mawa lake atabwerako, polowera kuseri.

Mdipiti unayamba dzuwa litapendeka. San Isidro anali pa ngolo yokongoletsedwa ndi ngala za mpunga, nthochi ndi chinangwa, atavala chovala chatsopano chobiriwira chija. Mayi ake a mnzanga sangathe kuyenda mtunda, ndiye adzukulu anawanyamula pa mpando wapulasitiki n'kuwakhazika m'mbali mwa msewu, atafunda chitenje chomwe ndinawatengera ngakhale kunali kotentha. Ngolo itafika pamene anali, onyamula makandulo anaima, bandi inatsitsa mawu. Gogoyo anatambasula dzanja n'kugwira mpendero wa chovalacho, kenako anagwira tsaya la mwana wake. Kumbuyo kwa mnzangayo kunaima abambo anayi okalamba amene anafukula khoma lija, ndipo madzulo ake ndi omwe anayamba kupakulidwa.

Pobwerera anandilongedzera kalamay wa ku Jagna m'zikamba ziwiri za kokonati zomata ndi kapepala kofiira. Chimodzi ndapita nacho kuwodi. Mnzanga watsalira komweko sabata ina, akuti akufuna agone.